Nsapato ya Kumanzere

Anabwera Lachisanu, dzuwa likuwotcha malata a ku Mbare,
mnyamata wonyamula zikwama za timu,
thukuta lili kamukamu, nsapato imodzi m'khwapa.
Anayamba ndi Chishona chothyokathyoka cha masiku awiri,
ine n'kumudula: Yankhula zakwathu, mphwanga,
lilime lako lamveka Dedza usanakhale n'komwe pansi.

Nsapato ya kumanzere, yayasamula ngati mlamba.
Mwini wake, akuti Dzinkambani, nambala leveni,
wakana yatsopano.
Akuti iyi ndiyo inagoletsa mvula ili pakati
m'dziko la oyankhula Chifalansa,
ndiyo anatsamira pa simenti ya bwalo la ndege
usiku umene ndege inawasiya,
alawansi yawo ikadali malonjezo m'kamwa mwa akuluakulu.
Mawa akangolepherana ndi eni mudzi, basi,
apita ku chikho cha Afirika.

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndili pansi pa jakaranda uyu,
kusoka zidendene za anthu opita kwawo.
Basi ya ku Blantyre ndimaidziwa ndi kutsokomola kwake.
Pasipoti yanga inafa tsitsi langa likadali bii.

Ndinasolola ulusi wa m'tayala, n'kuupaka phula.
Pobaya paliponse ndinkatchula dera:
Linthipe, Chimbiya, Bembeke, Golomoti,
Mtakataka kumene anagona amayi ine kulibe.
Pofika pachisanu ndi chinayi mayina anandithera,
kotsalako ndinangosoka chete.
Ndalama ndinakana. Anandisiyira matikiti awiri.

Ku Rufaro ndinapita ndi Nyaradzo, chitsirizira wanga,
mchombo wake uli m'dothi la Harare,
malaya ake achikasu ngati a bwalo lonse.
Ine jekete la kutchalitchi, batani mpaka m'khosi.
Itayamba nyimbo ya fuko lathu milomo inagwedera yokha,
mawu ena anali atadyedwa ndi njenjete,
ndinangong'ung'udza m'malo obookawo.

Eni mudzi anayamba ndiwo kugoletsa.
Simenti inanjenjemera pansi pa matako.
Nyaradzo anadumpha, anavina,
kenaka anandicheukira ngati waswa mbale ya mlendo.
Kumbuyo wina amene ndimamusokera ulere anafuula:
Mubhurandaya, basi yanu ikudikira panja!

Kutatsala mphindi zitatu, kona.
Mitu inagundana, mpira n'kugwera kumanzere.
Anthu ankayang'ana mpira.
Ine ndinkayang'ana msoko wanga,
mtima uli m'mwamba: ulusi iwe, usandichititse manyazi
pamaso pa anthu amene andisunga zaka zonsezi.

Ukonde unatukumuka.

Bwalo lonse zii, ngati pa maliro a mwadzidzidzi,
kupatula nkhalamba imodzi ya jekete,
itaimirira, manja m'mwamba, ikulira ngati mbuzi yomangidwa.
Nyaradzo anandikoka m'mphepete mwa jekete,
ndipo m'chinenero chimene wakhala akuchikana
chiyambire sukulu ya mkaka
anandinong'oneza: Ulusi wanu uja, ababa.
Khalani pansi, angatimenye.

Lolemba ndabwerera pa chitsa changa.
Patapata wa mayi wogulitsa tomato waduka lamba,
akufuna ndimalize kasitomala asanachuluke.
Ndege yadutsa pamwamba pa Mbare, sindikudziwa ngati ndi yawo.
Ikadzakwana nthawi nsapato ija idzaponda kapinga wa kutali,
makamera adzaonetsa chizindikiro cha fakitale,
palibe adzafunse za ulusi wakuda wa m'mbalimo.
Zilibe kanthu. Golomoti apita nawo. Amayi apita nawo.

Madzulo Nyaradzo wabwera ndi tiyi m'botolo,
wakhala pa mulu wa matayala, akuseweretsa foni.
Akuti wafufuza mtengo wa pasipoti yatsopano.
Akuti, kodi Mtakataka ameneyu,
munthu akatsika basi, amayendanso wapansi nthawi yaitali bwanji?
Ndabaya chala ndi singano.
Sindikukumbuka.